Ndinanenerera Liwiro la Setilaiti

Palibe munthu m'boma lonse la Kasungu amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Kafunseni ogulitsa mbuzi, kafunseni akabaza a pa Boma, kafunseni ngakhale amalume awo a mayi anu, amene anabwera kudzakambirana za ukwati wathu atamanga nkhope, n'kubwerera akundithokoza. Lamulo langa linali limodzi: chilichonse chokhala ndi nambala chili ndi pakati pake, ndipo mtendere umakhala pakatipo. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zoposa makumi atatu ndikuyendera lamulo limeneli, ana anga, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndidzapuma nalo lili lathunthu.

Chaka changa choyamba pantchito, ku Simlemba

Ndinafika ku Simlemba ndi satifiketi, njinga ya boma ndi nsapato zondifinya. Bwana wanga woyamba anali a Kamanga, munthu wamfupi, wosaseka, amene ankanunkha fodya ngakhale sankasuta. Tsiku loyamba ndinawafunsa za tepi yoyezera minda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Tepi ilipo imodzi, ili ku Boma, ndipo amene anaibwereka sitikumukumbukanso. Iwe Mwale uli ndi miyendo iwiri. Boma lakulemba ntchito ndi miyendo yomweyo." Ananditengera pa bwalo la mpira la pasukulu n'kundiyendetsa uku ndi uku sabata yathunthu, mpaka sitepe yanga inakhala yofanana m'mawa ndi madzulo. "Masitepe 70 uku, 70 uku, imeneyo ndi ekala. Munda ukakhala wokhotakhota uzidula m'mutu mwako, usadule m'buku."

Chimene a Kamanga sanandiphunzitse n'chakuti munda suyezedwa uli wokha. Mwini wake amayenda pambuyo pako akupumira m'khosi. Ukamayeza kuti alembetse fodya, munda umakula. Ukamayeza kuti adziwe polekezera aganyu, munda womwewo umachepa. Wina amati waponda motalikitsa, wina amati wadumpha chulu, wina amakuuza kuti malire ali kuseri kwa mtengo umene unadulidwa iwe usanabadwe. Anzanga ena ankakangana ndi alimi mpaka kulandidwa njinga. Ine ndinapeza njira yanga. Ndinkatchula nambala yanga, mlimi n'kutchula yake, n'kukumana pakati. Aliyense ankapita kwawo akudziona wopambana, ine n'kubwerera ndi mtedza m'thumba.

Ku Lukwa, makuponi asanabwere

Patapita zaka anandisamutsira ku Lukwa, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Kumeneko kunali bambo Tembo, munthu wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Ankafuna kulowa kalabu ya fodya, ndipo kalabuyo inkakonda anthu a minda yooneka. Ndinazungulira munda wawo iwo ali pambuyo.

"Alangizi, mwapeza zingati?"

"Ekala imodzi ndi kachidutswa."

"Kachidutswa? Munda umene agogo anga ankaulima mwezi wathunthu? Awa ndi maekala atatu. Inu mukuponda ngati mukuthawa njuchi."

"Imodzi ndi theka, pochitira ulemu agogo anuwo."

"Awiri ndi theka, ndipo apa ndaluza ine."

Tinakumana pa awiri. Ndinalemba, tinagwirana chanza, tinamwa thobwa. Dziwani izi, ana anga: nambala ikalowa m'buku la boma imamera mizu. Chaka chilichonse ndinkaikopera kuchoka m'buku lakale kupita m'buku latsopano, mpaka ine mwini ndinaiwala kuti tinachita kunenerera. A Tembo anamwalira, chigafa chawo cha fodya chinagwa, ndipo mundawo unatsala m'manja mwa akazi awo, mayi Nankhoma, amene ankalimamo chimanga chodyetsa ana anayi.

Zaka za makuponi

Sabuside ya feteleza itayamba, mlangizi anasanduka munthu wamkulu kuposa mbusa. Anthu amene kale ankabisala m'chimanga ndikamabwera kudzanena za manyowa anayamba kundilonjera ndili kutali, dzanja pachifuwa. Makuponi ankabwera ochepa, mabanja ali ambiri, choncho chaka chilichonse mayina ena ankayenera kugwa. Ntchito yosankha inali ya komiti ya m'mudzi, ine wanga unali umboni wa m'buku. Ndipo dothi la kuno mukulidziwa. Ndi lamchenga, fodya analidya kalekale. Wopanda feteleza amakolola mapesi.

Chaka chimene mafuta anasowa m'dziko muno, komiti inakhala pansi mwezi wa Okutobala. Wapampando anali a Zimba, telala wa pamsika, munthu wosakonda chinyengo ndipo wosachedwa kuchiona ngakhale pamene palibe. Atafika pa dzina la mayi Nankhoma anaika cholembera pansi. "Awa tiwaonepo bwino. Maekala awiri, matumba awiri a feteleza chaka ndi chaka, koma ikangokwana Disembala ali pa ganyu, nkhokwe ili gwa. Anzawo a maekala awiri amadya mpaka Febuluwale. Fetelezayu akupita kuti ngati si kwa mavenda? Alangizi, mundawo ndi maekala awiri ndithu?" Ndinagogoda buku langa ndi chala. "Ndinayeza ndekha," ndinatero. Anagwirizana kuti Loweruka, powerenga mayina pagulu, dzina la mayi Nankhoma lisamveke.

Sabata yomweyo

Lachiwiri kunabwera mayi Chirwa ochokera ku ofesi ya ku Boma, mayi wachikulire wa ku Rumphi amene kale ankaphunzitsa sayansi ku sekondale. Anabwera kudzandiphunzitsa kuyeza minda ndi kachipangizo konga foni yakale, kotchedwa jipiesi. Galimoto inawasiya n'kulonjeza kudzawatenga mawa lake, koma inakathera pa mzere wa dizilo, ndiye anakhala kwathu masiku anayi akugona ndi azichemwali anu. Minda yoyeserera ankaisankha pongotola mayina m'chipewa. Mulungu alinso ndi nthabwala zake. Lachinayi dzina lomaliza kutuluka linali la mayi Nankhoma.

Eni munda anali kuganyu. Ndinazungulira malire kachipangizoko kali m'manja, ndikuyenda monyada ngati wonyamula mbendera. Nditafika pamene ndinayambira, mayi Chirwa anadina n'kuwerenga. "Theka la hekitala. Kunena kwake, ekala imodzi ndi kachidutswa." Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinamva mawu a malemu Tembo akuti ndikuthawa njuchi, ndinamva ngakhale kukoma kwa thobwa lija. Koma pakamwa panga panatuluka zina. "Kachinthuka kanama, mayi. Katentha ndi dzuwa." Ndinazunguliranso chobwerera m'mbuyo. Nambala inali yomweyo.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali litapendeka, ndipo tinkayenda wapansi chifukwa njinga yanga yamoto inali itakhala mwezi osalawa petulo. Ndinaganiza zochita zimene ndimachita pamsika: ukafuna kutsitsa mtengo wa mbuzi, yamba wainyoza mbuziyo.

"Mayi, kachinthuka kamadziwa bwanji pamene ndaima? Kalibe maso."

"Kamamvera masetilaiti, adada Mwale. Ali kumwambaku, akuzungulira dziko. Aliyense amalengeza nthawi yake ndi pamene ali. Kakamva anayi kapena kuposa, kamadziwa pamene inu muli."

"Apachikidwa pa chiyani?"

"Sanapachikidwe. Akugwa."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye boma likufuna ndisiye miyendo yanga, ndikhulupirire zinthu zoti zikugwa?"

Sanakwiye. Aphunzitsi akale sakwiya, amangokupezera choti ugwire. Anandiuza ndikwere pa chulu chimene chinali m'mbali mwa njira, nditole chibuluma, ndichiponye. Ndinaponya pang'ono, chinagwera pafupi. Anati ndiponye china mwamphamvu, chinakagwera m'mizere ya eni ake. "Zonse zagwa," anatero, "koma chothamanga chagwera patali. Tsono inu ndinu woyeza, mumvetsa. Dziko ndi lobulungira. Chigwa chino chikuoneka chosalala ngati mphasa, koma mukaloza molunjika kutsogoloku, pa makilomita 8 nthaka yatsika kale pafupifupi mamita 5, kutalika kwa mtengo wa mango uwo. Ndipo chinthu chilichonse mukachitaya, pa sekondi yoyamba chimagwa mamita 5 omwewo. Nanga chibuluma chanucho chitayenda makilomita 8 pa sekondi imodzi?"

Ndinaima pachulupo ndikuwerengera. Chagwa mamita 5. Nthaka nayo yathawa mamita 5. Sekondi yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Ndinatsika pachulupo. "Sichingafike pansi," ndinatero motsitsa mawu.

"Chizingogwa, dziko likuchizemba, mpaka chidzakumenyani kunkhongo patapita ola limodzi ndi theka. Kungoti pansi pano mpweya ungachigwire, n'chifukwa chake amaziponya pamwamba, kumene kulibe mpweya. Zapafupi zimathamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. Kuchoka pa Boma kukafika ku Lilongwe, masekondi osakwana 20."

Ine ulendo umenewo ndinkaudziwa pa minibasi, nkhuku ili pamiyendo, maola awiri tsiku la mwayi. Ndiye magazi anga a pamsika anadzuka okha. "Mayi, 28 sauzande yachuluka. Tinene 20."

"Igwa."

"Chabwino, 25, tisiyane bwino."

"Igwabe, adada. Ingogwera patali, mwina kutsidya kwa nyanja zamchere."

"27, mtengo womaliza, ndipo ndaluza ine."

"Mungaluze setilaiti. Pamsinkhu umenewo palibe kuchotsera. Mukawonjezera, njira yake imatambasuka, imakwera kutali n'kubwerera. Mukafika cha m'ma 40,000 yapita, simudzaionanso."

Ndinafunsa za masetilaiti amene ankalankhula ndi kachipangizo kathu. Anati amenewo ali patali kwambiri, makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, kumene dziko limakoka mofooka, ndiye amayenda cha m'ma 14,000 pa ola n'kuzungulira kawiri pa tsiku. "Ehe," ndinatero, "ndiye mtengo umatsika." Anati, "Umatsika mukakwera, koma msinkhu uliwonse uli ndi liwiro lake limodzi, ndipo si munthu amene analiika. Dishi ija ya pamsika imene mumaonera mpira munaiona ikutembenuka? Yaloza setilaiti ya patali kuposa onsewa, imene imazungulira kamodzi pa tsiku, mofanana ndi dziko. Inu mumati yaima. Ikuthamanga makilomita 11,000 pa ola kuti izioneka yoima. Tsono popeza njira zawo ndi liwiro lawo zimadziwika, timadziwa pamene aliyense ali sekondi iliyonse. Kachipangizoka kangaphonye masitepe angapo. Sikangaphonye ekala."

"Nanga mafuta amathira kuti? Kumwambako kulibe mizere?"

Apo anaseka. "Amakankhidwa kamodzi poyamba. Kulibe chowagwira, ndiye amangopita. Timafuta tochepa timene amanyamula ndi tongowongolera."

Dzuwa linali litangolowa, kumadzulo kukadali kofiira, ng'ombe zikulowa m'makola. Tinali pafupi ndi mjigo pamene mayi Chirwa anandigwira mkono n'kuloza. Pakati pa nyenyezi zoyamba panali kamodzi koyenda. Sikankaphethira ngati ndege, sikankamveka. Kankangodutsa mwakachetechete, molunjika, kuchokera kum'mwera kulowera kumpoto. Anati ndi imodzi mwa zapafupi zija, tikuiona chifukwa kumwambako dzuwa likadali kuwala. Ndinavula chipewa osadziwa. Dziko lonse la Malawi linali litaimika magalimoto, ine mlangizi wa boma ndikuyenda wapansi, koma pamwamba pa zigafa za ku Lukwa panali chinthu chopangidwa ndi manja a anthu chikugwa osafika, zaka ndi zaka, chifukwa wina anawerengera bwino ndipo sanachotsepo. Ndinayesa kuwerenga masekondi ngati masitepe. Ndisanafike pa mazana awiri, kanali katazimirira mbali ya ku Simlemba, ulendo umene unkanditengera tsiku pa njinga. Ndinaganiza za a Kamanga ndi bwalo lawo la mpira. Akanakhala moyo akanakonda kachinthu kameneko kuposa mmene anandikondera ine.

Musaganize kuti ndinatembenuka mtima pomwepo. Khate silichoka ndi kusamba kamodzi. M'mawa mwake, tikudzaza mafomu pakhonde, ndinawafotokozera mayi Chirwa nkhani yonse, ya a Tembo ndi ya komiti, n'kuyesa komaliza. "Tilembe ekala imodzi ndi theka ndi kachidutswa. Buku lisachite manyazi kwambiri, kachipangizonso kasachite manyazi. Kwa a Zimba ndikanena kuti mundawo unadyedwa ndi chigwembe." Anandipatsa cholembera. "Fomu ndi yanu, dera ndi lanu, ine mawa ndikupita ngati dizilo wapezeka. Kungoti chigwembecho a Zimba akafuna kukachiona." Anali atanena zoona. Telala sagula nsalu asanaitambasule. Panali njira ziwiri zokha: nambala yanga ikhale, mayi Nankhoma agwe, kapena nambala igwe pamodzi ndi dzina langa. Ndinafunafuna pakati pake tsiku lonse, ine katswiri wa pakati, osapapeza.

Loweruka, pa bwalo la sukulu

Anthu anadzaza mpaka m'mawindo a makalasi. A Zimba asanayambe kuwerenga mayina ndinapempha kulankhula. Ndinati munda wa mayi Nankhoma si maekala awiri, ndi ekala imodzi ndi kachidutswa. Ndinati pa munda wotero, chimanga chofika Disembala pa pakamwa pasanu ndi ulimi wabwino kuposa wa ambiri amene akhala kutsogolo kuno. Ndinati feteleza sanagulitse, anathira yense.

"Kachipangizo kaja ndi kamene kanena?" anafunsa a Zimba.

"Kanena, koma miyendo yanga inanenanso zomwezo kalekale. Maekala awiriwo tinachita kunenerera ndi malemu."

Ena anaseka, chifukwa malemuwo ankawadziwa. A Zimba sanaseke. "Alangizi, nanga minda yathu yonseyi?"

"Ena ndinakuwonjezerani, ena ndinakuchotserani. Zinkatengera amene ali ndi pakamwa."

Kuseka kunatha. Bambo wina kumbuyo anati kwa zaka khumi wakhala akumenya ana ake kuti ndi aulesi, akulephera kumaliza ekala imene mwina ndi maekala awiri. Mayi wina anati ndiye n'chifukwa chake feteleza wa ekala ankamuthera pakati pa munda. Ndinaima pamenepo ndikulandira, chipewa chili m'manja. A Zimba anatenga cholembera, n'kubwezera dzina la mayi Nankhoma pa mndandanda, n'kuliwerenga mokweza. Kenako anati, "Ndipo alangizi ayenda minda yonse kachiwiri, atatseka pakamwa." Ndinaiyendadi, zaka ziwiri zomaliza za ntchito yanga, kachipangizo kali m'manja. Ku Boma anandilembera kalata imene sindinakuonetsenipo, ndipo mtedza unasiya kulowa m'thumba.

Msonkhano utatha ndinawapeza mayi Nankhoma akumanga chitenje kuti azipita. Ndinali nditakonza mawu opepesa aatali, okoma. Ndinangoyamba kuti, "Mayi, zimene mwamva lero zikhale zakudabwitsani."

"Ayi, alangizi. Mundawo ndimaulima ndekha. Msana wanga ukudziwa kuti ndi ekala imodzi ndi kachidutswa. Malemu akamadzitama kumowa kuti ali ndi maekala awiri ndinkangowayang'ana."

"Nanga bwanji simunanene, pamene mumamva kuti dzina lanu lichotsedwa?"

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo, ngati akuyang'ana mwana wa mnansi. "Ndikanati imodzi, inu mukanati awiri, tikanakumana pa imodzi ndi theka. Ndiye a Zimba akanati ndimagulitsa thumba limodzi m'malo mwa awiri. Ndikanapindula chiyani?" Anawerama pang'ono n'kunyamuka.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi pakhonde pano nthawi ya madzulo, ndikudikira kuti kamodzi kadutse, ndipo kamadutsa ndithu, sikachedwa, sikafulumira. Masiku ena ndimati chinapambana ndi chinthu chakumwamba chija, chimene chinandikaniza ngakhale sauzande imodzi. Masiku ena ndimadzitonthoza kuti ndinapambana ndine, poti masitepe anga anali olondola kuyambira pachiyambi, chinalakwa ndi pakamwa. Koma pali mayi uja, amene analibe buku ngakhale kachipangizo, amene anangokana kutchula mtengo n'kupita kwawo ndi kuponi yake. Inu munapita kusukulu kuposa ine, ana anga. Tandiuzani, pamsika umenewu anapambana ndani?